Andiitana kukakwera Breithorn pa ski kumapeto kwa Malichi, ndivomere kapena ayi?

Kamphepo analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi funso ndipo chonde amene munachitapo zimenezi mundiuze zoona osandinyengerera. Ine ski ndasewera nyengo ziwiri tsopano koma kumalo okonzedwa kuja, kokwera pa lifiti kenako nkutsetsereka, njira zofiira zapakatikati ndimatsika bwinobwino, zakuda zovuta zija ndimatsikanso koma mtima uli mmwamba makamaka pakauma ngati galasi. Nde anzanga awiri akuntchito andiitana kuti wikendi yomaliza ya Malichi tikakwere Breithorn, phiri lija lili pamwamba pa tauni ya Zermatt ku Switzerland, mamita 4164, kukwera ndi miyendo ma ski ali kuphazi, amamata zikopa kunsi kwa ski kuti munthu asamabwerere mmbuyo. Akuti musaope amwene ndi phiri lophweka kuposa ena onse opitirira mamita 4000 ku Alps chifukwa kebulo, kangolo koyenda pachingwe kaja, imakusiyani pa phiri la Klein Matterhorn pa mamita opitirira 3800 ndiye chotsalacho nchochepa, maola awiri muli pansonga.

Mtima ukufuna kwambiri sindinama, anandionetsa chithunzi cha pamwambapo ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere. Koma zikopazo sindinavalepo nkamodzi komwe, komanso sindinatsikepo pa sinowo woti makina sanadutsepo. Mmodzi mwa anzangawo wapitako kawiri, winayo kamodzi, gayidi palibe. Zida ndikabwereka. China chikundizunguza mutu nchakuti iwowo akuti Malichi ndi Epulo ndi nthawi yabwino chifukwa sinowo amakhala wakhazikika, koma omwewonso akuti tiyenera kukhala titatsika isanakwane 12 koloko zivute zitani. Nanga ngati wakhazikika kuthamangako nkwachani? Ndithandizeni chonde.

Chitunda anayankha:

Achimwene mwachita bwino kufunsa. Ine ndakwera chonchi zaka zopitirira khumi ndipo ndiyambira funso lanu lomalizalo chifukwa mpomwe pagona nkhani. Zonse ziwiri anakuuzanizo nzoona, kungoti nzoona pa maola osiyana a tsiku limodzi lomwelo.

Chisanu chikamapita kumapeto dzuwa limakhala lakwera, masana sinowo wapamwamba amasungunuka madzi nkumalowa mkati, usiku kumwamba kukakhala kopanda mitambo amaumanso gwaa, zikachitika chonchi masiku angapo motsatizana pamwamba pamakhala chigoba cholimba choti mukhoza kudumphapo osabooka. Mmamawa chigoba chimenechi chimagwira malo onse pamodzi, nchifukwa chake akuti wakhazikika. Dzuwa likayamba kumenya, masentimita awiri atatu apamwamba amafewa pansi pali polimbabe, olankhula Chijeremani amati firn, ndipo achimwene palibe sinowo wokoma kutsikapo ngati ameneyo, ski imamvera chilichonse mwendo wanena, phokoso lake ndi shiii basi. Koma kukomako ndi kwa ola limodzi kapena awiri. Mukachedwa chigoba chonse chimanyowa mpaka pansi, sinowo amasanduka ngati matope olemera, palibenso chomugwira, ndiye amangonyamuka yekha phiri lonse kutsika, nthawi zina mpaka kuonekera udzu ndi miyala. Malo omwewo munadutsa 7 koloko mukuimba mluzu, 1 koloko akhoza kukukwirirani.

Malo oyang'ana kummawa ndi amene amafewa oyamba, kenako akummwera, akumadzulo amachedwerapo. Ine ndimaona zinthu ziwiri. Ndimavula ski imodzi nkuponda ndi buti, mwendo ukalowa mpaka mubondo ndiye kuti tachedwa kale. Komanso ndimayang'ana mmunsi mwa miyala, mukaona timibulu ta sinowo tikugubuduka tokha nkumakula ngati matayala, phiri layamba kuyankhula. Ndipo usiku kukakhala mitambo kapena kwatentha sinowo sauma nkomwe, tsiku limenelo ena sititulukanso mnyumba. Nchifukwa chake mudzamva anthu akudzuka 4 koloko nkumakwera ndi tochi yapamutu, si kukonda kuvutika ayi. Timawerenga chobwerera mmbuyo. Munthu wamba amakwera mamita 300 mpaka 400 pa ola, nde ngati phiri lili ndi mamita 1200 oti mukwere ndipo mukufuna kuyamba kutsika 10 koloko, 6 koloko ikupezeni muli kale pa ski.

Tsopano za Breithorn. Ine ndikuti ulendo uno musapite, ndipo ndikuuzani ngati mng'ono wanga. Kuphweka akunenako ndi kuyerekeza ndi mapiri ena a 4000, osati kuyerekeza ndi kumalo a lifiti kumene mwazolowera. Mukangochoka pa Klein Matterhorn muli pa glacier, ayezi wakalekale wochindikala amene amayenda pang'onopang'ono nkumang'ambika, ming'alu yake ina ndi yakuya kuposa nyumba zosanja ndipo nthawi ino imakhala yovindikirika ndi sinowo, pamwamba poyera bwinobwino pansi pali dzenje. Pamafunika chingwe, lamba wa mchiuno, komanso anthu odziwa kutulutsa mnzawo akagweramo. Anzanuwo muwafunse funso limodzi lokha, kuti ine nditagwera mumng'alu mungandikoke bwanji, mumve mmene ayankhire. Kumtunda kwake potsetsereka pamafika madigiri 35 ndipo kawirikawiri mphepo imakhala itasesa sinowo wofewa nkusiya pouma, ambiri amavula ma ski nkuvala zitsulo za mano kumabuti. Pansonga pake mpopapatiza, mbali yakumpoto ndi phompho, ndipo mphepo imamanga kadenga ka sinowo kolendewera pamwamba pa phompholo, ukayima pamenepo umaona ngati uli pa nthaka.

Chinanso chimene oyamba kumene sachiganizira, kukwera ndi zikopa mudzaphunzira mu ola limodzi, chovuta ndi kutsika. Kunja kwa njira zokonzedwa sinowo amasintha pa mamita 50 alionse, apa pouma, apa pofewa, apa chigoba chopyapyala choti chimabooka nkugwira ski ngati msampha, miyendo ili yotopa kale ndi kukwera, chikwama kumsana. Yambani ndi kaphiri kotsika, mamita 700 kapena 800 okwera, kopanda glacier, malo osafika madigiri 30, ndi gayidi kapena kosi ya oyamba kumene. Magulu ngati Swiss Alpine Club amakhala nazo.

Dzuwalatuluka anayankha:

A Chitunda anena zazikuluzo, ine ndingowonjezera zing'onozing'ono zimene zinandiliza tsiku langa loyamba chifukwa nzimene zimathera munthu nthawi, ndipo nthawi mwamva kale kuti ndiyo chuma kumeneko.

Mabuti achimwene. Obwereka aja muwavale mushopu momwemo muyende nawo mphindi 15 muli pa walk mode, kutanthauza atamasulidwa kuti muziyenda nawo, chidendene chikamakwera nkutsika mkatimo akupatseni ena. Ine anga anali aakulu pang'ono, patangotha mphindi 40 ndinayamba kumva kutentha kuchidendene koma ndinangokhala chete kuopa kuchedwetsa gulu, pofika pamwamba sokosi inali itamatirira ndi magazi, matuza awiri ataphulika. Panopa ndimamata tepi kuzidendene ndisanachoke kunyumba ndipo ndikangomva kotentha ndimayima pompo, mphindi zitatu zomata pulasitala zimapulumutsa ola lathunthu lotsimphina.

Poyenda musamanyamule ski ngati mukuponda masitepe, muziikoka pansi izitsetsereka yokha, chala chokha cha buti ndi chimene chimagwidwa ndi timapini tiwiri, chidendene chili chomasuka. Zikopazo ubweya wake unagona moloza kumbuyo, nde kutsogolo imaterera koma kumbuyo imaluma. Kale zinali zikopa zenizeni za nyama ya mnyanja ija amati seal, panopa ndi ubweya wa mbuzi za angora wotchedwa mohair kapena nayiloni kapena zosakaniza. Pokwera polimba thupi liime chilili, kulemera kukhale kuchidendene, mukangoweramira kutsogolo chifukwa cha mantha chikopa chimasiya kugwira nde mumabwerera chammbuyo. Ndipo pali kutembenuka kuja amati kick turn, pamene njira yokhotakhota yafika pakona ndipo muyenera kutembenuza ski imodzi kaye kuyang'ana uko kenako inayo, mutayima mwendo umodzi pamalo otsetsereka. Chimenecho muchiphunzire pamalo ofewa osaopsa kakhumi kakhumi, chifukwa mmamawa wa Malichi pamakhala pouma ngati msewu ndipo mukaterereka simuyima msanga. Mufunsenso timipeni tija tomangirira pa binding, chitsulo chogwira buti pa ski chija, amati harscheisen, timaluma pa ayezi. Muzitivala musanafike povuta, osati muli kale pakati pake.

Vuto lina la nyengo ino ndi sinowo kumatirira kuzikopa. Mukadutsa ponyowa padzuwa kenako nkulowa mumthunzi momwe sinowo ndi wozizira wouma, amaunjikana kunsi kwa ski chibuma chachikulu, phazi lililonse ngati mwamangirira njerwa. Kasera kopaka pazikopa kamathetsa zimenezi, nkakang'ono koti kamalowa mthumba la jekete. Mukavula zikopa pamwamba muzipinde nkuziika mkati mwa jekete pamimba kuti guluu wake asaume ndi kuzizira, mwina mungazifunenso.

Musanyamuke mutavala zonse. Muyambe mukumva kuzizira pang'ono, pakatha mphindi khumi thupi latentha, mukatuluka thukuta lambiri pamwamba pamphepo lidzakuzizirani mpaka mano kugundana. Jekete yochindikala ikhale pamwamba mchikwama, yovala mukangoyima. Madzi a mu kapayipi komwera kochokera mchikwama kaja amauma, botolo kapena fulasiki ndi bwino.

Dzuwa musalidelere, ena amaganiza kuti ngati khungu lawo silipsa msanga ndiye ali bwino, ayi ndithu. Mphamvu ya UV, cheza cha dzuwa chowotcha khungu chija, imawonjezeka pafupifupi 10 pa 100 pa mamita 1000 alionse ndipo sinowo watsopano amabweza mpaka 80 pa 100 ya kuwalako, nde mumapsa kuchokera pansi, kunsi kwa chibwano, mmphuno, milomo kung'ambika. Maso ndiye osaseweretsa, magalasi akhale akuda kwambiri otseka ndi mmbali momwe, ndinaona mnzathu wina anawavula ola limodzi lokha chifukwa ankachita nthunzi, usiku wake ankalira kuti mmaso muli mchenga.

Komanso ganizirani izi, Zermatt ili cha pa mamita 1600, kebulo ikukutulani pa mamita opitirira 3800 pasanathe ola, thupi silinafunsidwe. Kumeneko mpweya umene mumakoka ndi pafupifupi 60 pa 100 ya wa mmphepete mwa nyanja yaikulu. Mutu kuwawa, nseru, chizungulire, masitepe 20 nkuyima, zimagwira ngakhale anthu othamanga tsiku ndi tsiku.

Msodzi77 anayankha:

Akulu a Chitunda pepani ndikutsutsaniko pang'ono, osati pa malangizo oti asapite, pamenepo tili limodzi, koma pa nkhani ya firn. Zimene mwafotokozazo nzoona pa mamita 2000 kapena 2500 malo oyang'ana kudzuwa. Koma kumapeto kwa Malichi pa mamita 4000 kukadali chisanu chenicheni, kuzizira kupitirira -10 si zachilendo, kuwonjezera mphepo, zala zimafa dzanzi pongovula golovesi kuti umate chikopa. Ndikuopa kuti mnyamatayu angatenge phunziro loti ukangolawira mmamawa basi watetezeka. Mbali zakumpoto ndi mmithunzi nthawi ino sinowo akadali wouma wosanjikizana, ndipo pansi pake pakhoza kukhala kagawo kofooka konga shuga kamene kanapangika mu Januwale, pamwamba mphepo yaunjikapo chigulumwa cholimba. Chimenecho sichidikira 12 koloko, chimathyoka ngakhale 6 mmawa munthu mmodzi akangopondapo, ndipo ngozi zambiri zopha anthu a ski zimakhala zamtundu umenewu, woyambitsa ndi iwe mwini kapena mnzako. Ukamva pansi pakulira kuti vuuu ngati china chaphwa mpweya, kapena mng'alu ukuthamanga kuchokera kunsonga ya ski yako, bwerera pomwepo. Nde kumayambiriro kwa nyengo ino uli ndi adani awiri tsiku limodzi, wouma kumtunda ndi mumthunzi, wonyowa kumunsi ndi padzuwa.

Ku Switzerland bungwe lofufuza za sinowo la SLF la ku Davos limatulutsa lipoti la avalanche, kugumuka kwa sinowo kuja, tsiku lililonse 5 koloko madzulo nkulikonzanso 8 mmawa, ndipo nyengo ino nthawi zambiri amaika mapu awiri, ena a sinowo wouma ena a wonyowa masana. Mulingo wake ku Europe ndi 1 mpaka 5. Anthu amaona 3 nkumati ndi pakatikati, koma pafupifupi theka la anthu amene amafa amafa pa 3 pomwepo, chifukwa pa 4 ndi 5 aliyense amakhala pakhomo. Musamangoona nambala, werengani kuti vuto lili mbali iti komanso kuyambira mamita angati. Malo ambiri ogumuka ndi a madigiri 30 mpaka 45, ndipo app yawo ya White Risk ili ndi mapu opaka mtundu malo onse opitirira 30, muone njira yanu komanso zimene zili pamwamba pa njira yanuyo.

China ndi nyengo. Pakati pa Klein Matterhorn ndi Breithorn pali chidikha chachikulu choyera, nkhungu ikagwa sumadziwa kumwamba ndi pansi, ndinakumana nazo malo ena ndipo ndinkaganiza kuti ndikuyenda pomwe ndinali nditayima. Mu Epulo 2018 pa Pigne d'Arolla, panjira ija ya Haute Route yochokera ku Chamonix kupita ku Zermatt, anthu 14 anatsekerezedwa ndi mkuntho nkugona panja usiku wonse, 7 anamwalira kuphatikizapo gayidi, ndipo nyumba yogona okwera mapiri ya Vignettes inali pafupi kwambiri. Sinali avalanche, inali mphepo ndi kuzizira basi, kumapeto kwa Epulo.

Kamphepo anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri. Ndawafunsa anzanga funso la a Chitunda lija, wina wati chingwe sanatengepo chifukwa anthu amakhala ambiri ndipo njira imakhala yopondedwa kale. Ndawauza kuti ine ulendo uno mundisiye, sanakondwe koma amva. Ndapeza kosi ya masiku awiri ya oyamba kumene. Pa zida zofunika alemba beacon, probe ndi fosholo. Beacon yo ndi yofunikadi ngati foni ili ndi GPS? Komanso ndaona zikwama zija zofufuma ngati baluni, ndikakhala ndi chimenecho sindiye kuti zinazo nzosafunika?

Chitunda anayankha:

A Msodzi mwanena zoona ndipo ndavomera, ndinatsamira kwambiri mbali imodzi. Zikomo pokonza.

Achimwene a Kamphepo foni siingalowe mmalo mwa beacon ngakhale pang'ono. Beacon ndi kawailesi kovala pathupi mkati mwa zovala, onse padziko lapansi amalankhula pa 457 kHz nde za makampani osiyana zimamvana. Tsiku lonse kamakhala kakutumiza, wina akakwiririka otsalawo amatembenuza zawo kuti ziyambe kufufuza, kamakulozera ndi muvi ndi nambala ya mamita, ukafika pamene nambala yachepetsetsa umabaya ndi probe, ndodo yopindika ija ya masentimita 240 kapena kuposa, ukamva chofewa umaisiya pomwepo nkuyamba kukumba kuchokera chakumunsi. Zitatuzi zimayendera limodzi, chimodzi chikasowa zinazo nzachabe. Fosholo ikhale yachitsulo osati yapulasitiki, chifukwa sinowo akagumuka nkuyima amalimba ngati konkire, ndi manja simungakumbe ndipo wokwiririkayo sangasunthe ngakhale chala.

Chifukwa chake nchakuti nthawi ndi yochepa zedi. Mwa anthu amene akwiririka thupi lonse, amene afukulidwa mkati mwa mphindi 15 pafupifupi 9 mwa 10 amakhala amoyo, koma pofika mphindi 35 amatsala cha pa 3 mwa 10, mpweya umawathera. Helikopita ngakhale itafulumira bwanji nthawi zambiri imafika mphindi zimenezo zitadutsa. Wokupulumutsani ndi amene mwayenda naye, inunso ndinu wompulumutsa. Ndiye posankha anzanu oyenda nawo muzifunsa kuti anayeserera liti kufufuza, inuyo muyeserere mpaka manja azichita okha, kukwirira chikwama chili ndi beacon mkati wina nkumawerenga nthawi. Koyamba ine zinanditengera mphindi 11 ndili phee popanda wondilirira. Mmawa uliwonse musananyamuke mmodzi ayime aone kuti ya aliyense ikutumiza komanso batire lili bwino. Foni ikhale kutali ndi beacon masentimita 20, pofufuza 50, chifukwa imasokoneza. Foniyo ntchito yake ndi mapu ndi kuitana thandizo, 112 imagwira ku Europe konse, ku Switzerland kuli 1414 ya Rega, opulumutsa anthu ndi helikopita, koma ku chigawo cha Valais komwe kuli Zermatt amaimba 144. Muisunge mthumba lamkati, kuzizira kumadya batire mofulumira.

Chikwama chofufuma chimathandiza, mukakoka chingwe chake chimakukulitsani kuti mukhale chapamwamba pa sinowo woyendayo. Koma sichikutetezani ku miyala, mitengo kapena phompho, ndipo mukathera mkachigwa sinowo wobwera pambuyo amakukwiriranibe. Ndi chowonjezera pa zitatu zija. Ndipo ndaonapo anthu akuti akavala chimenecho amalowa malo oti popanda icho sakanalowa, chimenecho ndiye chimandidetsa nkhawa.

Za njira yopondedwa anenazo, anthu 50 akhoza kudutsa pa mlatho wa sinowo wa pamng'alu, tsiku lililonse ukupyapyala, wa 51 nkupita nawo.

Dzuwalatuluka anayankha:

Mwachita bwino achimwene, kukana anzako nkovuta kuposa kukwera phirilo. Kukosiko mukafunse kuti akuphunzitseni kusankha ola lobwerera musananyamuke, mulinene mokweza onse amve, chifukwa mukaona nsonga ili apo mtima umayamba kunama kuti mphindi 20 zokha. Ife timagwirizana pagalimoto pomwe. Komanso potsika malo okayikitsa muzitsika mmodzimmodzi, enawo akuyang'ana ali pamalo otetezeka. Mudzatiuze mmene mwayendera, ndipo tepi ija musaiwale.

Kamphepo anayankha:

Akuluakulu ndabwerako, ndimati ndikuuzeni monga munapempha. Tsiku loyamba tinathera pafupi ndi msewu, kumata ndi kumatula zikopa, kick turn mpaka ntchafu kunjenjemera, kenako kufufuza chikwama chokwiriridwa. Kukumba mita imodzi yokha tinali anthu atatu mosinthana ndipo tonse tinatha mpweya, a Chitunda za konkire zija ndaziona ndi manja anga.

Tsiku lachiwiri tinanyamuka 5:30 kuli mdima, anthu asanu ndi gayidi, kaphiri ka mamita pafupifupi 2500. Gayidi ananeneratu pagalimoto kuti usiku kunadutsa mitambo nde sinowo sanaume bwino, 10 koloko tikutembenuka kulikonse kumene tidzakhale. Ola loyamba lija sindidzaliiwala, mzere wa matochi kutsogolo, zikopa zikungoti swee swee, mpweya ukutuluka ngati utsi, palibe woyankhula. Titatuluka mmitengo kummawa kunayamba kufiira, nsonga za mapiri akutali zinayaka zisanayake zapafupi, pansi pathu chigwa chikadali chakuda. Ndinayima pang'ono misozi inalengeza, sindikudziwa ngati inali mphepo kapena chani. Timipeni tija tinavala pamalo ena ouma ndipo tinandigwira bwino. Chidendene chakumanzere chinayamba kutentha cha mma 7, ndinanena nthawi yomweyo monga munanenera a Dzuwalatuluka, tinayima nkuwonjezera tepi, palibe anadandaula.

9:40 tinafika pakampata, nsonga ili pamwamba pathu mamita ngati 150, mtanda wake ukuoneka bwinobwino. Malo otsalawo anali oyang'ana kummawa ndipo dzuwa linali litawamenya kuyambira litatuluka. Gayidi anavula ski imodzi nkuponda, mwendo unalowa mpaka mubondo, anatola sinowo nkufinya madzi nkudontha mugolovesi, kenako anatilozera mmunsi mwa miyala timibulu tija tikutsika tokha tikusiya timizere. Anangoti tivule zikopa. Mmodzi mwa ife anapempha kuti tiyeseko poti nthawi inali isanakwane, anakana. Ine zinandiwawa ndithu, ndinali ndi mphamvu zokwanira.

Tinatsikira mbali imene dzuwa linali litangofika kumene, ndipo mamita 300 oyambirira ndinalawa firn ija, pamwamba pofewa ngati chala chimodzi pansi polimba, ndinakhota bwino kuposa mmene ndimakhotera kumalo a lifiti. Kumunsi kunali kolemera, ski ikumira, ndinagwa kawiri koma bwinobwino. 11:15 tinali pagalimoto. Tikuvula mabuti cha mma 12 tinamva kugunda ngati bingu lakutali, tsidya lina la chigwa sinowo anachoka mumpata wa miyala nkutsika pang'onopang'ono ngati mtsinje wa matope, akukokolola dothi, mpaka anayima pafupi ndi mitengo, pambuyo pake patatsala chipsera chabulauni. Kunalibe munthu kumeneko. Tonse tinangoyima buti imodzi kumanja kuyang'ana.

Anzanga aja nawonso sanapite wikendi imeneyo, kumtunda kunali mphepo yambiri, ndipo tagwirizana kuti Breithorn tikayese mu Meyi ndi gayidi, tigone kaye usiku umodzi malo okwera, ine ndikufuna ndipange maulendo ena atatu anayi ang'onoang'ono isanafike nthawiyo. Funso lina a Dzuwalatuluka, zikopa zabwereka zija ndabweza nde ndikufuna ndigule zanga, kwa munthu woyamba kumene ngati ine zabwino ndi za nayiloni kapena zosakaniza ndi mohair? Ndipo zikanyowa mumaziyanika bwanji kuti guluu asawonongeke?